Kunyika nsalu pakhomo: chofunika n'chakuti utoto usachuche

Mwa ntchito zamanja zimene magulu a amayi ndi achinyamata amaphunzira m'boma lathu lino, kunyika nsalu ndi imodzi mwa zimene zimakopa mtima msanga. Ambiri amaitchula ndi dzina lake la Chingerezi lakuti tie and dye. Nsalu imamangidwa zolimba m'malo ena, kenaka n'kunyikidwa mu utoto, ndipo pomwe pamangidwapo utoto sulowa. Pomasula pamaoneka mizere, timadontho kapena zozungulira zimene palibe makina angazibwereze ndendende. Ntchitoyi sifuna magetsi kapena nyumba yapadera. Ndowa zingapo, madzi, moto ndi mthunzi wa pakhonde n'zokwanira kuti munthu ayambe.

Komabe si onse oyamba ntchitoyi amene amapita nayo patali, ndipo chimene chimawagwetsa kawirikawiri si kusowa luso la mapatani. Kumanga nsalu munthu amakudziwa tsiku limodzi. Vuto limadza wogula akakachapa. Chitenje chimene chinkawala pamsika chimatulutsa utoto m'beseni, n'kudetsa malaya oyera a mwana wasukulu amene ananyikidwa nacho pamodzi, ndipo chikachapidwa kachitatu chimakhala chitasuluka ngati chatha chaka. Apa m'pamene akulu amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Misika yathu ya ku Chimbiya, Bembeke, Lobi, Mayani ndi Linthipe ndi ya anthu odziwana, choncho mbiri ya nsalu imodzi yochucha imafika kutali kuposa kumene wogulitsa angafike ndi katundu wake. Mpamba umene gulu linabwereka ku banki mkhonde umathera mu nsalu zimene palibe akuzifunanso.

Kuti utoto ugwire pamafunika kuti nsalu ikhale yoyenera, utoto ukhale wa mtundu wogwirizana ndi nsaluyo, ndiponso pakhale kutentha kokwanira. Chomaliziracho n'chimene chimativuta kwambiri ife a kumapiri kuno, chifukwa malangizo ambiri amene amabwera ndi utoto analembedwa poganizira madera otentha.

Luso limeneli si lachilendo

Kudziwa mitundu kunalipo kuno kalekale. Zojambula za m'mapanga a ku Chongoni, zimene bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wa malo ofunika a dziko lonse mu 2006, zili m'malo 127, ndipo zina ndi zofiira pamene zina ndi zoyera. Ozijambulawo anadziwa dothi ndi miyala yopereka mtundu wokhalitsa. Makolo athu ankasula chiwondo kuchokera ku makungwa a mombo nsalu za biriwita zisanafike ndi amalonda, ndipo David Livingstone atafika m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuluka nsalu zawo.

Kumanga nsalu isananyikidwe nako kuli ndi mbiri yaitali m'maiko ambiri. Ayoruba a ku Nigeria amaitcha nsalu yotere adire, ndipo mzinda wa Abeokuta umadziwika nayo mpaka lero. Ku Sierra Leone amati gara, ku India bandhani, ku Japan shibori. Chimene chinasintha ndi utoto. Kale wonse unkachokera ku zomera, ku dothi ndi ku tizilombo tina, mpaka mu 1856 pamene mnyamata wa ku England, William Perkin, anapanga utoto woyamba wa mankhwala. Mitundu imene tikugula leroyi ndi zidzukulu za utoto umenewo, ndipo uliwonse uli ndi khalidwe lake.

Yambani mwafunsa nsalu

Utoto umene tingaugwiritse ntchito pakhomo umagwira pa ulusi wochokera ku zomera, makamaka thonje. Pa poliyesita sugwira, chifukwa poliyesita ndi pulasitiki yopotedwa kukhala ulusi, ndipo kuinyika kumafuna utoto wina ndi kutentha kumene kumapezeka m'mafakitale. Nsalu zambiri zoyera zotsika mtengo za m'masitolo ndi zosakaniza thonje ndi poliyesita. Zoterezi zimalandira utoto mwa theka, ndipo chimene mumayembekeza kuti chikhala chofiira kwambiri chimatuluka chapinki wotuwa. Munthu wosadziwa amaimba mlandu wogulitsa utoto pamene vuto lili pa nsalu.

Njira yodziwira ndi yapafupi. Dulani kachidutswa kakang'ono, kagwireni ndi waya kapena pulayala, ndipo kayatseni ndi machesi. Thonje limayaka ngati pepala, limanunkha ngati pepala lopsa, ndipo limasiya phulusa lofewa limene limafumbutuka pakati pa zala. Poliyesita imakwinyika kuthawa moto, imasungunuka, imatulutsa utsi wakuda, ndipo ikazizira imasiya kampira kolimba ngati mkanda. Yosakaniza imaonetsa zonse ziwiri. Musachite manyazi kupempha kachidutswa musanagule mpukutu wonse. Pa zovala za kaunjika yang'anani kansalu kolembedwa kam'khosi kapena kam'mbali: kakati 100% cotton, chovalacho n'choyenera. Masikipa oyera ndi nsalu za pabedi zimene zili ndi banga laling'ono zimatsika mtengo pakaunjika, koma kwa wonyika ndi chuma, pakuti bangalo limabisika mu utoto. Dziwani chabe kuti ulusi wosokera zovala zambiri ndi wa poliyesita, choncho misoko idzakhalabe yoyera.

Nsalu yatsopano imachoka kufakitale itapakidwa sitachi ndi mankhwala ena oilimbitsa, ndipo zimenezi zimatsekereza utoto. Ichapeni m'madzi otentha ndi sopo, kapena iphikeni kwa theka la ola. Chidulo chimene timachezera therere chimathandiza pa kuphikaku chifukwa chimasungunula mafuta ndi litsiro. Nsalu ikauma, donthezanipo madzi. Dontho likalowa nthawi yomweyo, nsalu yakonzeka, koma likaima pamwamba ngati mame pa tsamba la koko, ichapeninso. Kumbukiraninso kuti thonje limafupika likachapidwa koyamba, choncho dulani mamita awiri a chitenje mutachapa kale, kuopa kugulitsa chitenje chosakwana m'chiuno.

Utoto suli umodzi

Apa m'pamene pamatayika ndalama zambiri, chifukwa ufa wa utoto umaoneka chimodzimodzi m'timapepala ngakhale uli wa mitundu yosiyana.

Wofala kwambiri m'misika ndi uja timagula pofuna kudetsanso buluku lakuda limene lasuluka, wophika ndi mchere. Ndi wotsika mtengo ndiponso wosavuta, koma umangokangamira pa ulusi osalumikizana nawo kwenikweni, motero umachoka pang'onopang'ono nthawi iliyonse imene nsalu yachapidwa. Pali chikhulupiriro chofala chakuti mchere wambiri kapena viniga zimamanga utoto. Ntchito ya mchere ndi kukankhira utoto kuchoka m'madzi kupita pa nsalu panthawi yonyika, basi. Viniga amathandiza pa ubweya ndi silika, osati pa thonje. Utoto umenewu ndi wabwino pophunzirira kumanga ndi pokonza zovala za pakhomo, koma nsalu yogulitsa isanyikidwe mu umenewu.

Wachiwiri ndi umene ogulitsa amautcha vat. Ndi wa banja limodzi ndi indigo, utoto wabuluu wa mabuluku a jinzi, ndipo ndi umene onyika ambiri a muno mu Africa amagwiritsa ntchito. Ufa wake susungunuka m'madzi wamba. Umafuna mankhwala awiri, caustic soda ndi sodium hydrosulphite, amene ambiri amangomuti hydros. Awiriwa amausintha utoto kuti usungunuke ndi kulowa m'kati mwa ulusi. Nsalu ikavuulidwa n'kukhudzana ndi mpweya, utoto umabwerera mwakale, kukhalanso wosasungunuka, ndipo umatsekeredwa m'kati mwa ulusimo. N'chifukwa chake mtundu wa m'ndowa umasiyana ndi umene udzaoneke pa nsalu. Indigo m'ndowa amakhala wachikasu chobiriwira, ndipo nsalu imasanduka yabuluu muli kuiona, patangopita mphindi zochepa chiivuulireni.

Wodziwa zimenezi amamvetsa malamulo onse a utoto wa vat popanda kuwaloweza. Mpweya ndi umene umaumitsa utoto, choncho suyenera kulowa m'ndowa nthawi isanakwane. Musatakase mwamphamvu mpaka kuchita thovu. Nsalu ilowe ili yonyowa ndi yofinyidwa, ilowetsedwe pang'onopang'ono, ikhale pansi pa madzi kwa mphindi 10 kapena 15, ndipo povuula isadonthezere m'ndowamo kuchokera pamwamba. Mtundu wozama umabwera ponyika kangapo, kuyanika pa mpweya pakati pake, osati pothira ufa wochuluka nthawi imodzi. Hydros amatha mphamvu akakhala pa chinyezi kapena m'pepala lotsegula, ndipo utoto wothiridwa hydros wakufa umangomata pamwamba pa nsalu n'kumadetsa khungu la wovala. Muyezo wa mankhwala atatuwa umasiyana malinga ndi kampani yopanga utoto, choncho pemphani wogulitsa akulembereni, ndipo yesani kaye pa kansalu kakang'ono. Pomaliza nsalu iphikidwe m'madzi a sopo kwa mphindi zingapo. Kuphikaku kumachotsa utoto wapamwamba ndi kukhazikitsa wam'kati, ndipo wonyika amene amakudumpha pofuna kusunga nkhuni amaluza zambiri kuposa mtolo umene wapulumutsa.

Wachitatu ndi wa reactive, umene kampani ya ICI ya ku Britain inayamba kugulitsa mu 1956 ndi dzina lakuti Procion. Umenewu umalumikizana ndi thonje kukhala chinthu chimodzi, umapereka mitundu yowala, sufuna kuphika, ndipo ulibe ukali wa caustic soda. Chimene umafuna ndi soda ash. Sungunulani kapu imodzi ya soda ash m'malita 4 a madzi ofunda, viikanimo nsalu yomangamanga kwa mphindi 15 kapena 20, ndipo ifinyeni. Payekha sungunulani utoto, masupuni aang'ono awiri m'kapu imodzi ya madzi ofunda pa mtundu wapakatikati, ndipo wakuda umafuna kuwirikiza katatu kapena kanayi. Thirani utotowo pa nsalu ndi botolo lobooledwa pa chitsekero, mtundu uliwonse pamalo pake, kenaka ikulungeni mu pulasitiki kuti isaume. Utoto ukangokhudzana ndi soda ash umayamba kugwira ntchito ndipo umatha mphamvu m'maola ochepa, choncho awiriwa asakumane m'botolo, akakumane pa nsalu.

Soda ash si soda wophikira uja wa m'magolosale, ngakhale ndi apachibale. Wophikirayo ndi wofooka pa ntchitoyi. Koma mukamuika wouma mumphika woyera pamoto n'kumatakasa, amayamba kubwata ngati madzi pamene mpweya ndi nthunzi zikutuluka. Kubwatako kukaleka, ufawo wasanduka soda ash, ndipo umakhala utapepuka ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kupitirira pang'ono. Chidulo chikanatha kugwira ntchito yomweyi, koma mphamvu yake imasiyana malinga ndi phulusa ndi kachezedwe, choncho nsalu za lero sizingafanane ndi za mawa.

Kuzizira kwa kuno

Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo phiri la Dedza limafika mamita 2,198. M'miyezi ya Juni ndi Julaye kutentha kwa masana kawirikawiri sikupitirira madigiri 20, ndipo usiku kumatsika mpaka pansi pa madigiri 10. Utoto wa reactive umafuna madigiri 21 kapena kupitirira apo kwa maola ambiri, makamaka tsiku lathunthu, kuti ulumikizane ndi thonje. Kukazizira kuposa apa ntchitoyo imayenda mwaulesi, ndipo usiku wa Julaye imatsala pang'ono kuimiratu. Nsalu imene yagona pakhonde ku Bembeke ingathe kuoneka bwino pomasula, koma poitsuka utoto wambiri umapita ndi madzi. Mtundu wabuluu wowala wonga wa mtambo ndi umene umavutika kwambiri ndi kuzizira, ndipo popeza wobiriwira umapangidwa posakaniza umenewu ndi wachikasu, nsalu yobiriwira imatha kutuluka yachikasu.

Chovuta n'chakuti nyengo yozizirayi ndi yomwe anthu amakhala ndi mpata. Chimanga ndi nyemba zakololedwa, ndalama za mbatatesi zili m'manja, maukwati ndi zinkhoswe zayamba, ndipo maphunziro ambiri a magulu amachitika nthawi imeneyi. Anzathu a kumunsi kwa phiri, ku Golomoti ndi ku Mtakataka, angatsate malangizo a papepala monga alili ndipo zidzawayendera. Wa kumtunda ayenera kuwonjezapo nzeru zake.

Yambani ntchito m'mawa kuti nsalu ipeze dzuwa lonse la tsikulo. Mukaikulunga, iikeni m'jumbo yakuda, mangani kukamwa, ndipo iyaleni padzuwa pamalo obisika ku mphepo, monga pa lata kapena pa mwala umene watenthedwa. Pulasitiki yakuda imakoka kutentha, ndipo m'kati mwake mumafunda kuposa panja. Chofunika n'chakuti nsalu isaume, chifukwa ikauma utoto umaleka kugwira ntchito. Dzuwa likapendeka ilowetseni m'khitchini pafupi ndi mafuwa, kapena iikeni m'dengu lodzaza ndi udzu wouma pamodzi ndi botolo la madzi otentha, monga timachitira posunga chakudya kuti chisazizire. M'nyengo yozizira dikirani masiku awiri musanamasule. Kudikira sikuononga kanthu, pamene kufulumira kumatayitsa utoto wogula ndi ndalama.

Utoto wa vat nawo umamva kuzizira, ngakhale mwa njira ina. Mitundu yambiri imafuna madzi a madigiri 50 mpaka 60, otentha moti dzanja silingakhalitsemo, ndipo ndowa ya pulasitiki yoikidwa pamphepo ya Juni imazizira nsalu yachiwiri isanalowe. Ikani ndowayo m'beseni lalikulu la madzi otentha, ivindikireni, ndipo mangani nsalu zonse musanasakanize utoto. Kwa ophika utoto pali chinanso: pamtunda ngati wathu madzi amawira pa madigiri 95, osati 100, chimodzimodzi chimene chimachedwetsa nyemba kupsa kuno. Onjezerani nthawi yophika pa imene yalembedwa.

Kumanga

Za kumanga sizifuna mawu ambiri chifukwa manja amaphunzira okha. Kamwala, njere ya chimanga kapena chitsekero cha botolo chikakutidwa ndi nsalu n'kumangidwa m'khosi chimapereka chozungulira. Kupinda nsalu uku ndi uku ngati mapepala a buku n'kumanga motalikiranatalikirana kumapereka mizere. Kuikwinya mwachisawawa n'kuizengereza ndi chingwe kumapereka maonekedwe onga mitambo. Kutsina pakati n'kupotokola mpaka nsalu itakhala ngati nkhata kumapereka mzere wozungulira ngati chigoba cha nkhono. Amene ali ndi chipiriro amajambula chithunzi ndi choko, kusoka motsata mzerewo ndi ulusi wolimba, n'kukoka mpaka nsalu itakwinyika zolimba. Njira yosokayi imatenga nthawi, koma ndi imene ingatulutse tsamba, nsomba kapena mtanda, ndipo nsalu yake imayenera mtengo wokwera.

Zomangira zabwino tili nazo kale. Malegeni odulidwa ku chubu chakutha cha njinga amagwira zolimba, ndipo ulusi wosomoledwa ku thumba la feteleza sumwa utoto, choncho pansi pake pamakhala poyera bwino. Khonje ndi ulusi wa thonje zimamwa utoto ndipo zimasiya mizere yosaoneka bwino pokhapokha mutazengereza kambirimbiri. Ponyika mitundu ingapo yambani ndi wowala, kumanga kuwonjezera, n'kumalizira ndi wakuda. Wachikasu ukakumana ndi wabuluu pamabadwa wobiriwira, wofiira ndi wabuluu amabereka wapepo, koma wofiira ndi wobiriwira amabereka mtundu wa matope. Ophunzira kumene amakonda kuthira mitundu yonse imene agula pa nsalu imodzi. Nsalu ya mitundu iwiri yosankhidwa bwino, yokhala ndi malo oyera opumira maso, imaoneka yaulemu, ndipo mayi wamkulu angaivale kutchalitchi.

Za utoto wa zomera

Ena amafunsa ngati n'kotheka kusiyiratu mankhwala ogula. N'kotheka, malinga munthu avomere kuti mitundu yake ndi yofatsa. Makoko ouma a anyezi, amene amangotayidwa m'misika yathu, amapereka mtundu wachikasu chopita ku olenji. Njere ndi makoko a mapeyala zimapereka pinki wofatsa, ndipo masamba ndi makungwa a bulugamu amapereka mtundu wa khofi wothira mkaka. Kuti mitunduyi ikhalitse pa thonje, nsalu imayamba yaviikidwa m'madzi a makungwa, kenaka m'madzi a alum, pafupifupi magalamu 15 pa magalamu 100 alionse a nsalu youma. Madzi amene munaviikidwa misomali yadzimbiri amasandutsa mitundu ya makungwa kukhala yotuwa kapena yakuda, chifukwa chitsulo chikakumana ndi ukali wa m'makungwa chimada. Umu ndi mmene anthu a ku Mali amapangira nsalu yawo yotchuka ya bogolan ndi matope okhala ndi chitsulo. Zina zimanyenga: beetroot ndi kabichi wofiira zimadetsa madzi kwambiri koma mtundu wake sukhalitsa pa nsalu.

Makungwa atengedwe ku mitengo yodulidwa kale, kumacheka kapena pa nkhuni za pakhomo. Mtengo wamoyo ukasendedwa kuzungulira thunthu umauma, ndipo nkhalango za Chongoni ndi phiri la Dedza ndi zotetezedwa ndi lamulo la nkhalango la 1997.

Mankhwalawa amavulaza

Caustic soda amaoneka ngati shuga kapena mchere, ndipo akasungunuka amaoneka ngati madzi akumwa. Mwana akamumwa amapsa kukamwa ndi kummero, ndipo ena amakhala ndi vuto la kumeza moyo wawo wonse. Asaikidwe m'botolo la chakumwa kapena m'kapu, ngakhale kwa mphindi imodzi. Asungidwe m'chigubu cholembedwa, chotseka bwino, pamwamba pomwe mwana sangafike. Ngozi yotere ikachitika, musamusanzitse mwanayo, chifukwa mankhwalawo amawotchanso pobwerera. Thamangirani naye kuchipatala chimene chili pafupi, mutatenga chigubu cha mankhwalawo kuti achipatala adziwe chimene wamwa. Akagwera pakhungu kapena m'maso, tsukani ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi zosachepera 15 musananyamuke.

Posakaniza, thirani caustic soda m'madzi ozizira pang'onopang'ono, osati madzi pa caustic soda, chifukwa amatentha mwadzidzidzi n'kuthovokera kumaso. Mapoto ambiri a m'nyumba zathu ndi a aluminiyamu, ndipo caustic soda amadya aluminiyamu n'kutulutsa mpweya woyaka. Gwiritsani ntchito ndowa za pulasitiki yolimba. Hydros akalowa madzi pang'ono ali m'chitini amatha kutentha yekha mpaka kuyaka, ndipo fungo lake limapweteka m'chifuwa, choncho asungidwe pouma ndipo ntchito ichitikire panja. Valani magolovesi a mphira ofika m'mikono, ndipo phimbani mphuno ndi pakamwa poyeza ufa wa utoto wa mtundu uliwonse. Chiwiya chimene chalowa utoto chisabwererenso kukhitchini. Mayi amene ali ndi mwana kumsana amusiyire wina panthawi yosakaniza ndi yonyika.

Madzi otsala nawo ndi nkhani ya mudzi wonse. Ntchitoyi imafuna madzi ambiri otsukira, ndipo chiyeso chimakhala chakuti tikatsukire pa mjigo pomwepo kapena kumtsinje. Madzi a pa mjigo amayenderera kumene ziweto zimamwa, ndipo mitsinje yathu ndi yomwe imathirira madimba a mbatatesi, kabichi ndi tomato amene boma lino limadalira. Mtsinje wa Linthipe umanyamula chilichonse chotayidwamo mpaka kukachitula m'nyanja ku Salima. Lamulo losamalira chilengedwe la 2017 limaletsa kuipitsa madzi, koma ngakhale lamulo likanapanda kukhalapo, komiti ya mjigo ili ndi chifukwa chokwanira chokanizira. Tungani madzi mupite nawo kunyumba. Kumbani dzenje lakelake pamtunda wa mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime, mjigo kapena mtsinje, monga timachitira ndi chimbudzi, ndipo litchingeni kuti ana ndi nkhuku asafikepo. Madzi a vat asiyeni m'ndowa yosavindikira, pamalo otetezeka, kwa tsiku limodzi kapena awiri kuti mpweya uphe mphamvu ya hydros, kenaka asungunuleni ndi madzi ambiri musanawathire m'dzenjemo.

Nsalu isanapite kumsika

Ngakhale utoto utagwira bwino, pa nsalu pamatsala wina umene sunapeze malo, ndipo ukasiyidwa umakachucha m'beseni la wogula. Kwa iye palibe kusiyana pakati pa utoto wotsalira ndi utoto wosagwira. Tsukani nsalu ya reactive m'madzi ozizira isanamasulidwe ndiponso itamasulidwa, kenaka m'madzi otentha kwambiri a sopo, kawiri kapena katatu, mpaka madzi atayera. Yanikani pamthunzi. Kenaka iyeseni: nyowetsani ngodya imodzi, iikeni pakati pa tinsalu tiwiri toyera, ndipo sitani ndi simbi yotentha mpaka itauma. Tinsaluto tikatenga mtundu, nsaluyo ibwerere m'madzi otentha. Pa utoto watsopano umene simunaugwiritsepo ntchito, dulani kachidutswa, phimbani theka lake ndi katoni, ndipo kasiyeni padzuwa masabata awiri kuti muone ngati mbali ziwirizo zasiyana. Gulu likhale ndi kope lolembamo tsiku, mtundu wa nsalu, muyezo wa utoto ndi mmene kunja kunachera, ndi kachidutswa komatidwa pambali. Wogula akadzafuna nsalu 30 zofanana ndi imene anaiona mwezi watha, kopelo ndi limene lidzayankhe.

Pa mtengo, wonyika pakhomo sangapikisane ndi zitenje zodindidwa ku fakitale ya Mapeto ku Blantyre kapena zochokera ku Tanzania ndi ku China, zimene zimapangidwa zikwizikwi pa tsiku. Mwayi wake uli pa zimene fakitale singachite: nsalu 20 zokha za kwaya, za gulu la banki mkhonde kapena za operekeza ukwati, mu mtundu umene eni ake asankha, komanso makatani, nsalu za patebulo ndi za mapilo za malo ogona alendo. Alendo amene amaima pa Dedza Pottery kapena kupita ku KuNgoni ku Mua amafunafuna chinthu chopangidwa ndi manja, ndipo nsalu ya mitundu yofatsa ya anyezi ndi bulugamu ingawakope kuposa yowala. Powerengera mtengo musaiwale nkhuni, sopo, magolovesi, ulendo wokagula utoto ku Lilongwe, nsalu zimene zinaonongeka, ndi masiku amene munagwira ntchito. Pa oda yaikulu landirani chikole chokwanira kugula nsalu ndi utoto musanayambe.

Magulu ofuna maphunziro angayambire kwa mlangizi wa chitukuko cha m'madera wa dera lawo, kapena kupereka pempho kudzera ku VDC ndi ADC kuti lifike ku khonsolo. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndi malo enanso ofunsako. Popempha mphunzitsi, pemphaninso kuti adzatchule mtundu wa utoto umene akuphunzitsa ndi kumene umagulidwa, ndiponso kuti nsalu za pamaphunziropo zidzachapidwe ndi kuyesedwa ndi simbi iye asanachoke.

Miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala ndi imene kumtunda kuno kumafunda mvula isanayambe, ndipo utoto wa reactive umagwira popanda kuunyengerera. Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, ndi nthawi imene anthu ambiri amagulira amayi awo zitenje. Gulu limene lagwiritsa ntchito Juni ndi Julaye kuphunzira kumanga, kuyesa utoto pa tizidutswa ndi kudzaza kope lake lingayambe kulandira maoda mu Ogasiti, n'kunyika nsalu zogulitsa kuyambira sabata yoyamba ya Sepitembala.